Kanambala Kapita ku Chidikiro

Lolemba, 2 Seputembala 2024

Zelifa wapita ku chidikiro lero m'mawa, pa kabaza wamoto, apongozi kumbuyo ndi ndowa ndi kathumba ka makaka. Anesi anati asadikirire kunyumba chifukwa Miracle anabadwa ndi opaleshoni, ndipo msewu wochoka kuno kwa Nazombe kukafika kuchipatala chachikulu si wothamangirapo ndi munthu matenda atayamba. Miracle watsala ndi mlamu wanga Princess.

Foni ndamupatsa Zelifa. Ilipo imodzi yokha pakhomo pano, ya apongozi inapita ndi madzi a namondwe Freddy. Ndamusungira nambala ya Shadrick, mnzanga wa kudepoti, kuti zikayamba aimbe pamenepo.

Kudepoti ndafika mochedwa, ndapeza msonkhano. Kwabwera mayi wina wochokera kulikulu ku Blantyre, a Linda, oona za makompyuta. Choyamba afufuta pasiwedi ija bwana wathu a Kaliati anailemba ndi choko pamwamba pa chitseko, imene tonse timalowera mu tabuleti. Akuti zatha zimenezo. Aliyense dzina lake, pasiwedi yake, ndiye kuwonjezera apo kanambala kobwera pa foni yake nthawi iliyonse akafuna kulowa. Dzina langa lizitsegula za sikelo zokha, la Shadrick za matumba a m'sitolo zokha. Waifai ya pa ofesi, mafoni athu ayi.

Ine ntchito yanga n'kuyeza nandolo, kulemba makilo, likulu n'kumulipira mlimi pa foni. Zinazi n'zotaninso?

A Linda akuti, "Makinawa sadziwa chibale. Sakhulupirira munthu, ngakhale a Kaliati, ngakhale ine. Kukhala m'kati mwa mpanda si umboni woti ndiwe mwini nyumba." Shadrick wati ndiye ali ngati mkazi wake, iye akati anali ku mpira amamufunsa zigoli.

Pomaliza afunsa, "Alipo amene alibe foni?" Anthu onse chete. Ndikweze mkono ine pamaso pa ma ganyu onse aja, bambo wa ana? Ndipo foni ndili nayo. Kungoti ili m'chitenje cha Zelifa.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Tabuleti yandifunsa kanambala alimi atandandalika kale mpaka pa mpanda. Ndabwereka foni ya Shadrick, ndaimbira Zelifa, wandiwerengera, ndalowa. Ndinati aa, nkhani yake ndi yomweyi basi?

Ayi ndithu. Ukangoisiya pansi pang'ono, kukathandiza mayi kutsitsa thumba pa njinga, yadzitseka. Ikufunanso kanambala kena. Ndipo kanambalako sikachedwa kufa. Zelifa ndi mimba ija mpaka adzuke pamphasa, amasule chitenje, apeze uthenga, kafa kale. Kawiri konse ndamupeza nayenso ali pa mzere wa sikelo ya azimayi. Iye pa sikelo, ine pa sikelo, tonse tikukuwa manambala.

Masana ndawafunsa a Kaliati ngati tingasinthe kuti kazibwera pa foni ya Shadrick. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nambala ikhale ya pa chiphaso chako, anatero a ku Blantyre. Iwe ndi wa sizoni, Dickson. Nandolo akatha tisunga anthu awiri okha. Usayambitse nkhani."

Ndabwerera pa sikelo. Mkamwini wopanda ntchito pa malo a eni ake ndikumudziwa mmene amadyera.

Lachitatu, 4 Seputembala

Mayunitsi a Shadrick atha. Akuti ndimubwezere, ndipo akufuna adzatchule dzina la mwana.

Lachinayi, 5 Seputembala

Lero ndaimbira pa foni ya aliyense. Ya a Goodman alonda. Ya mayi wogulitsa thobwa pa geti. Ya alimi. Ya venda wina wa chipewa chofiira amene anabwera ndi matumba pa ngolo, sindikumudziwa n'komwe, koma anali wochezeka, anachita kundipatsa yekha ataona ndikuzungulirazungulira. Anafunsa kuti vuto n'chiyani, ndinamufotokozera. Anaseka, anati makampani a masiku ano.

Manja akakhala pa thumba amaimba ndi Shadrick kapena a Goodman. "Alamu, tiwerengereni ija." Zelifa wazolowera, sakufunsanso. Akuti azimayi a ku chidikiro ayamba kumutchula kuti a sekilitale.

Zelifa wati mwana akumenya kwambiri, miyendo yatupa. Ndinafuna kufunsa zambiri koma mwini foni anali atatambasula kale dzanja.

Mlimi wina, mdala wa kumunsi kwa Michesi, wati kale nandolo timagulitsa ndi chitini ndipo chitini sichimafuna pasiwedi.

Lachisanu, 6 Seputembala

Zavuta.

Dzuwa lili pamutu, ndikuti ndilowe, tabuleti yalemba zofiira. Ndayesanso, zofiira. Shadrick wawerenga Chizungucho, wati dzina lako alitseka. Tisanamalize kudabwa foni ya a Kaliati yalira, Blantyre. Alowa mu ofesi, atseka chitseko. Potuluka nkhope ili gwa.

Akuti munthu wina wayesa kulowa ndi dzina langa, pa makina osadziwika, ali kutali, osati kuno ku Chiringa. Anali ndi kanambala koona, kochokera pa foni yanga. Anasintha nako pasiwedi. Akanalowa akanalemba alimi a bodza, makilo a bodza, likulu n'kumalipira mphepo. Koma makinawo anaona kuti si tabuleti ya pa depoti, anamukaniza pakhomo, n'kutseka dzina langa, n'kuwadziwitsa a Linda.

"Foni yako ili kuti?" Ndawauza. Angoti, "Mayo ine." Kenako akuti Lolemba a Linda akubwera, foni ikhale pa tebulo apa, ine ndikhale pambali pake. Kufikira tsikulo sikelo ndisaigwire. Ndikasenze matumba ndi a ganyu.

Ndasenza. A ganyu akuti takulandirani bwana. Shadrick sananene nthabwala ngakhale imodzi mpaka kuweruka, ndiye ndinadziwa kuti nkhani ndi yaikulu.

Loweruka, 7 Seputembala

Ndayankhula ndi Zelifa pa foni ya a Goodman. Akuti dzulo kunaimba bambo wina waulemu. Anati, "Ndi mayi a kwa Dickson? Ine ndi wa kulikulu, amuna anu ali pa sikelo manja adzaza, tatiwerengerani ija yabwera kumene." Anawerenga. Bamboyo anathokoza, anamufunira uchembere wabwino.

Ndamukalipira. Ndati iwe ungawerengere aliyense? Wati, "Nanga sabata yonseyi ndimawerengera ndani? Mawu anu ndawamva kangati? Tsiku lililonse nambala yachilendo, mawu achilendo. Ndikanadziwa bwanji kuti uyu yekha ndiye wakuba?" Kenako kulira. Mayunitsi n'kutha pomwepo.

A Goodman atenga foni yawo, akuti munthu wodwala pakati sakalipiridwa, mwana amamva. Ndikudziwa. Ndikudziwa!

Wa chipewa chofiira uja. Ndinamuuza zonse ndi pakamwa pangapa, nambala yanga n'kutsala m'foni mwake. Kaya ndi iyeyo, kaya anagulitsa kwa ena. Lero ndayang'ana ngolo iliyonse. Palibe.

Lamulungu, 8 Seputembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndapalasa njinga mpaka kuchipatala kukatenga foni. Fumbi, mphepo ya m'chigwa ikuchokera kutsogolo, unyolo n'kugwanso panjira.

Ndamupeza Zelifa pansi pa mtengo kuseri kwa chidikiro, miyendo ngati mitondo, mapazi sakulowa m'mapatapata. Apongozi anali cha uko pa mafuwa, atandiona anatembenukira kumpanda monga mwa nthawi zonse. Chikwatirire sanandiyankhulepo maso ndi maso. Moni anadzera mwa Zelifa, mbale ya kalongonda inadzeranso mwa Zelifa.

Ndapepesa. Wati zatha. Wamasula yekha chitenje, wandipatsa foni, wati, "Tengani, ntchito ingathe. Zikayamba ndidzapempha kwa anzanga."

Ndinaigwira ndithu. Ndinaiika m'thumba. Ndiye anayamba kufotokoza za mayi wina amene anamuthamangitsira ku opaleshoni Lachinayi, mwamuna wake anamva patapita masiku, chifukwa mwini foni imene amadalira anali atapita ku msika. Amafotokoza ngati nkhani chabe, akusenda chinangwa. Ine n'kukumbuka za Miracle, mmene anandiitanira kuti magazi akufunika, ine ndili kumunda osadziwa kanthu.

Ndaitulutsa, ndaibwezera pa chitenje. Ndati kanambala kakabwera usawerengere munthu, ngakhale anene kuti ndi ine. Wati ngakhale inu? Ndati ngakhale ine. Waseka koyamba. Akuti ndayamba kuyankhula ngati tabuleti.

Mawa ndikaika chiyani pa tebulo la a Kaliati, kaya.

Lolemba, 9 Seputembala

A Linda afika ndi galimoto yodzaza fumbi. Mu ofesi: iwo, a Kaliati, ine choimirira.

"Foni ili kuti?" Ndati ili ku chidikiro, ndipo ikhala komweko mpaka mkazi wanga achire. A Kaliati agwira kumutu.

A Linda sanakweze mawu. Atsegula laputopu, andifunsa chimodzichimodzi. Amawerenga ndani, amaimba ndani, pa mafoni a yani. Ndanena zonse, za a Goodman, za mayi wa thobwa, za chipewa chofiira. Akuti iwo kulikulu amaona kale kuti dzina langa likuchedwa kulowetsa kanambala, kangapo n'kufa, ankaganiza kuti ndi netiweki ya ku Phalombe. Andionetsa mzere wofiira wa Lachisanu. Ine ndimangoona nyerere za Chizungu.

Ndiye akuti, "A Dickson, kanambala kaja ndi umboni woti amene akulowa ndi inuyo. Inu munakasandutsa moto wopala, aliyense wobwera ndi phale apatsidwe."

Ndati mayi, kwathu kuno foni ndi ya pakhomo, si ya munthu mmodzi.

Akuti akudziwa, kwawonso n'chimodzimodzi. "N'chifukwa chake ndinafunsa Lolemba lija kuti alipo alibe foni." Apisa m'chikwama, atulutsa kachitsulo kakang'ono ngati kiyi wa loko ya njinga. Akuti aka umangokakhudzitsa kumbuyo kwa tabuleti, kanambala osafunikanso. Tizitsulo timeneti tinali m'chikwama momwemo tsiku lija, tambirimbiri, kudikira wokweza mkono.

Sabata yonse! Mayunitsi a Shadrick, misozi ya Zelifa, matumba pamsana, zonsezi kachitsulo kali m'chikwama. A Kaliati nawonso anangoti kukamwa yasa, akuti iwo sanamve zoti kuli tizitsulo. A Linda akuti ananena. Mwina ananenadi, pa Chizungu paja.

Chigamulo mawa, akambirane kaye ndi akuluakulu. Potuluka anandiitananso. Akuti munthu akakuimbira kuti ndine wakutiwakuti, chita changu, dula foni. Imba wekha pa nambala imene ukuidziwa. Ikapanda kupezeka, mufunse chinthu chimene wakuba sangachidziwe. Wakuba amakonda changu.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Ntchito ilipo. Kalata ya chenjezo ndasayina, akuti ikabwera yachiwiri ndi njira. Za kusungidwa sizoni ikatha palibe watchula.

Kachitsulo andipatsa. Akuti kakasowa ndinene nthawi yomweyo, ndisabwereke munthu. Ndakamanga ndi ulusi wa thumba, ndakavala m'khosi m'kati mwa malaya. Shadrick akuti tsopano ndavala mphinjiri ngati khanda, mfiti za pa intaneti zindiopa.

Koma ngakhale ndi kachitsuloko tabuleti ikufunabe pasiwedi yatsopano, yaitali, yokhala ndi zilembo zazikulu ndi tizizindikiro. Ndayesa dzina la Miracle, yakana. Ndayesa la mudzi, yakana. Chinthu chokana dzina la mwana wako!

A ganyu awiri a m'sitolo nawonso apempha tizitsulo. Kani tinalipo ambiri osakweza mkono.

Lachitatu, 11 Seputembala

Sikelo yayenda bwino. Zelifa akuti msana ukuwawa koma anesi ati sizinayambe. Miracle wakana phala, akufuna amake. Kachitsulo kakundiyabwa pachifuwa ndi thukuta.

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndikulemba pa benchi, panja pa wodi.

M'mawa mzere unali wautali, lero ndi tsiku la msika. Shadrick wabwera akuthamanga ndi foni, akuti nambala yachilendo, akufuna iwe. Mawu a mzimayi, akupuma mothamanga. "Ndinu a Dickson? Ine ndi Mervis, ndili ku chidikiro. Akazi anu alowa nawo ku opaleshoni kalekale, foni yawo yatha moto, bwerani msanga, musachedwe."

Nambala yachilendo. Akudziwa dzina langa. Changu.

Ndadula.

Shadrick wati wapenga? Ndati dikira. Ndaimba pa nambala yanga. Siikupezeka. Ndaimbanso. Siikupezeka. Mlimi akuti bwanji kodi thumba langa lili pa sikelo. Mutu ukuti ndi wakuba, afuna ndichoke pa tabuleti kapena anene kuti tumizani ya mankhwala, amatero anthu amenewa. Mtima ukuti Zelifa ali pa mpeni iwe ukusewera.

Ndaimbanso pa nambala yachilendo ija. Ndati mayi, pepani, ngati mulidi ndi a kwathu, afunseni apongozi anga kuti Lamulungu anandiphikira chiyani.

Akuti, "Inu abambo, muli bwinobwino? Mkazi wanu ali m'manja mwa madokotala inu mukufunsa za ndiwo?" Ndati chonde, ingofunsani. Ndamva akuyenda, mapatapata, zitseko, akudandaula kwa anthu kuti amuna ena ndi katundu. Ayenda nthawi yaitali, mayunitsi a Shadrick akupita. Ndamva akufotokozera munthu. Ndamva mawu ena akuyankha m'Chilomwe, mokalipa.

Ndiye foni inasintha dzanja.

"Bambo a Miracle." Apongozi. Kuyankhula ndi ine, m'khutu mwanga mwenimweni. "Kalongonda. Munadya mbale yonse osasiyako. Mukufunanso nambala ina? Nayi."

Ndipo anaika foni penapake, n'kumveka kulira. Kakang'ono, kaukali, ngati kamwana ka mbuzi.

A Linda akanati mwana aliyense amalira choncho. Koma za mbale ija palibe wakuba angazidziwe.

Wamkazi. Wangotuluka kumene. Zelifa sanadzuke bwino koma akuti ali bwino, magazi sanataye ambiri.

Ndathamangira kwa a Kaliati. Akuti pita, pita, koma siya kachitsuloko Shadrick aziyeza, taona mzerewu. Dzina la Shadrick silitsegula sikelo. Ndagwira pachifuwa, ndati bwana, kalata yachiwiri ija. Andiyang'ana, ayang'ana mzere, atukwana pang'ono osatchula munthu, avula jekete. Ndawasiya pa sikelo akupukuta magalasi, foni m'manja, akudikira kanambala kawo, mdala wa ku Michesi uja akuwauza za chitini.

Njinga ndaisiya kwa a Goodman, ndakwera wamoto.

Ndiye pano. Pakhomo la wodi pali mayi wa yunifolomu, wandiimitsa ndi dzanja. Ndati ndine bambo wa mwana wabadwa m'mawa uno, mayi wake Zelifa. Akuti, "Aliyense akhoza kunena choncho. Muno muli ana a eni. Akudziwani ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe. Koma ndinakumbuka tabuleti. Ndakhala pa benchi, ndatuma uthenga m'kati.

Apongozi atuluka tsopano, chitenje chili pa phewa. Sanandiyang'ane. Ayang'ana pansi, pafupi ndi nsapato zanga za fumbi, n'kumuuza mayi uja kuti, "Ndi omwewa. Alowe."